Mmisiri wa Matabwa ndi Mthuthuthu Wakufa

Masiku ano palibe msewu m'dziko muno umene sumveka kulira kwa njinga yamoto. Anthu akale atangoiona anaitcha mthuthuthu potsata kalilidwe kake, ndipo pa nthawi imeneyo inali ya anthu owerengeka okha, monga ansembe ndi akuluakulu a boma. Lero imanyamula matumba a chimanga, nkhuku, mbuzi, ana a sukulu ndi odwala. Koma njinga yatsopano ndi yokwera mtengo, kotero anthu ambiri amagula yogwirapo kale ntchito. Wogula chinthu chakale amagula ndi matenda ake omwe, ndipo akapanda kudziwa mowapezera matendawo, ndalama zake zimathera pakhonde.

Kufupi ndi Linthipe, m'boma la Dedza, kunali mmisiri wina wa matabwa. Iye ankakhoma zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro, koma za injini sankadziwa kanthu. Amayi ake okalamba anali ndi nthenda ya shuga, ndipo mwezi ndi mwezi ankayenera kukaonekera kuchipatala ndi kukalandira mankhwala. Kuchokera kumudziko kukafika pa msewu waukulu wa M1 unali ulendo wautali wa njira yafumbi. Pa njinga yakapalasa gogoyo sankathanso kukhala, ndipo ndalama zolipira akabaza popita ndi pobwera zinkadya phindu la zitseko ziwiri. Mwezi wina ndalamazo zikasowa ulendo unkalephereka, gogoyo nagona masiku angapo osamwa mankhwala. Ichi ndicho chinkamusowetsa tulo mmisiriyo.

Tsono m'mwezi wa Juni, atagulitsa soya wake, anamva kuti kalaliki wina wopuma ntchito ali ndi njinga yamoto imene yakhala pakhonde zaka ziwiri osalira. Njingayo inali ya mtundu wa Suzuki GN125. Kampani ya Suzuki inayambitsidwa ndi Michio Suzuki m'chaka cha 1909 ku Hamamatsu, m'dziko la Japan, ndipo poyamba inkapanga makina oombera nsalu. Njinga yake yoyamba yokhala ndi injini inatuluka m'chaka cha 1952, ndipo GN125 inayamba kupangidwa m'chaka cha 1982. Imeneyi ndi njinga yaing'ono ya maonekedwe amene pa Chingerezi amati cruiser. Chishalo chake ndi chachifupi ndi chotakata, zogwirira zake ndi zokwera ndi zobwerera kumbuyo, kotero woyendetsa amakhala chowongoka monga pampando, mapazi ake onse nafika pansi. Pa miyala ndi m'zigwembe njinga yotere imafuna kuyenda nayo mosamala chifukwa mimba yake ili pafupi ndi nthaka, koma kwa munthu wofuna kunyamula nkhalamba, kufupika kwakeko ndiko kunali kofunika.

Mmisiriyo sanathamangire kulipira, pakuti ankadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Poyamba anapempha kuona bulu buku, nayerekeza manambala olembedwamo ndi nambala yodindidwa pakhosi pa felemu ndi ina yodindidwa pa injini. Manambalawo akasiyana, njingayo ikhoza kukhala yakuba, ndipo woigula amataya ndalama ndi ufulu wake womwe. Kenaka anaika njingayo m'giya naikankha. Gudumu lakumbuyo linakana pang'ono, kenaka injini inatembenuka nipuma ngati munthu wotopa. Pamenepo anadziwa kuti pisitoni sinagwidwe ndi dzimbiri. Potsiriza anatenga chingwe chake chowongolera matabwa, nachikoka m'mbali mwa magudumu onse awiri, kuti aone ngati felemu inapindika pangozi. Magudumu anali pamzere umodzi. Atakhutira analipira, nakweza njingayo pangolo ya ng'ombe.

Ngoloyo italowa m'mudzi ana anaithamangira naseka, chifukwa anali asanaonepo mthuthuthu wokokedwa ndi ng'ombe. Koma mkazi wa mmisiriyo sanaseke. Anayang'ana matayala akuphwa ndi chishalo chong'ambika, nati, "Bambo, kodi ndalama za feteleza zija ndizo zasanduka chitsulo chadzimbirichi?"

Mwamunayo anayankha nati, "Mayi, ndipirireni kufikira mvula yoyamba. Ikapanda kulira ndidzaigulitsa zidutswazidutswa, ndipo feteleza wanu ndidzabweza."

Mkaziyo sananenenso kanthu, koma tsiku limenelo nsima inadyedwa mwakachetechete.

Loweruka lotsatira kunabwera mwana wa mlongo wake, mnyamata amene anagwirapo ntchito yothandiza amakaniko ku Lilongwe. Mnyamatayo anati, "Amalume, musaope kuchuluka kwa zitsulozi. Injini imafuna zinthu zitatu zokha: chakudya, moto ndi mphamvu yopanikiza. Ikakana kulira, chimodzi mwa zitatuzi chasowa. Muzifunafuna chimodzichimodzi, osati zonse pamodzi." Kenaka anajambula pansi ndi kamtengo, nalongosola mmene injini imagwirira ntchito. M'kati mwake muli pisitoni imene imayenda m'chipinda chonga chitini. Ikatsika koyamba imakoka mpweya wosakanizika ndi petulo. Ikakwera imaupanikiza. Pamenepo pulagi imathetheka moto, mpweya uja nuyaka mwamphamvu, nukankhira pisitoni pansi, ndipo mphamvu imeneyi ndiyo imatembenuza gudumu. Pisitoni ikakweranso imatulutsa utsi. Maulendo anayi amenewa anawakonza bwino ndi Nikolaus Otto wa ku Germany m'chaka cha 1876, ndipo injini za njinga zambiri zikuyendabe motero. Malo amene pisitoni ya GN125 imayendamo ndi 124 cc, ndiko kuti madzi odzaza malowo angafike theka la kapu ya tiyi basi.

M'mawa mwake mnyamata uja anabwerera kwawo, mmisiri natsala yekha ndi njinga yake. Anasesa pansi pa mtengo wa mango kutali ndi khitchini, pakuti nthunzi ya petulo imayaka ngakhale ndi khala limodzi. Anayala thumba loyera, nasonkhanitsa zitini zakale zoikamo manati ndi mabawuti, gawo lililonse chitini chake. Asanamasule chinthu ankayamba wachijambula ndi pensulo m'kope lake la miyeso ya zitseko, kuti pomanga asaiwale chimene chinali pamwamba ndi chimene chinali pansi. Ntchito yoyamba inali kutsuka njinga yonse ndi palafini ndi burashi, chifukwa mng'alu ndi podontha sizioneka pa chinthu chakuda.

Kenaka anakhetsa oyilo wakale. Anatuluka wakuda bii, koma atamupekesa ndi zala sanamve tizidutswa ta chitsulo, ndipo mtima wake unakhala pansi. Anaika sefa yatsopano ya oyilo, nathira oyilo watsopano pafupifupi lita imodzi, wolembedwa 10W-40 monga buku la njingayo limanenera. Wogulitsa anamuonetsanso malemba akuti JASO MA pachigubu. Malembawo amasonyeza oyilo woyenera njinga, pakuti kilachi ya njinga imakhala m'oyilo yemweyo, ndipo oyilo wina wa galimoto amaiterereketsa. Oyilo wakale uja sanamutaye pansi kufupi ndi chitsime, koma anamusunga m'chigubu kuti azipaka mitengo ya khola poletsa chiswe. Batire linali litaferatu, chifukwa batire losiyidwa nthawi yaitali lopanda moto silidzukanso, kotero anagula lina la mavoti 12.

Tsopano anafika pa chakudya cha injini. Atatsegula thanki, panatuluka fungo lowawasa ngati la penti yakale, ndipo pansi pake panali dzimbiri. Petulo akakhalitsa, mbali yake yopepuka imauluka, yotsalayo nisanduka ulimbo. Kuwonjezera apo, petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa m'chaka cha 1982. Pa njinga yoyenda tsiku ndi tsiku zimenezi sizivuta, koma ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo mu thanki yongokhala madziwo amatsikira pansi nadya chitsulo. Mmisiriyo anachotsa thankiyo, naikamo manati odzaza dzanja pamodzi ndi palafini, naikhutchumula masiku awiri kufikira mikono inawawa. Anaitsuka, naiyanika padzuwa kuti iume gwa, nawerenganso manati aja kuti asatsalemo ngakhale imodzi. Paipi ya petulo inali youma ndi yong'aluka, kotero anaika ina, nalumikizapo kasefa kakang'ono kogwira zinyalala.

Pambuyo pa thanki pali kabuleta, ndiyo mphika umene petulo amasakanizikiramo ndi mpweya. Poyeza kulemera kwake, injini imafuna magawo pafupifupi 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Pansi pa kabuleta pali kambale kosungira petulo pang'ono, ndipo m'kambalemo muli choyandama chimene chimatseka njira petulo akadzaza. Petuloyo amakwera kudzera m'timachubu tiwiri ta mkuwa totchedwa majeti. Yaikulu imagwira ntchito njinga ikamathamanga, yaing'ono injini ikamalira pamalo amodzi. Bowo la jeti yaing'ono ndi lochepa ngati diso la singano, ndipo ndilo limayamba kutsekeka. Mmisiri anaviika zonse mu petulo watsopano usiku wonse, natokosa mabowowo ndi kaulusi kamodzi ka waya wofewa wa magetsi. Singano kapena msomali sanagwiritse, chifukwa mkuwa ndi wofewa, ndipo bowo likakula injini imamwa petulo mopitirira masiku ake onse. Anapopera mpweya m'njira zonse ndi pampu ya njinga yakapalasa, nayang'ana jeti iliyonse kudzuwa mpaka kuwala kunaonekera.

Atamanga zonse anasindikiza batani loliza. Injini inatembenuka koma sinalire. Anthu amene anasonkhana anayamba kung'ung'udza, koma iye anakumbukira zinthu zitatu zija, nati mumtima mwake, chakudya chilipo, tsono moto uli kuti? Madzulo kutayamba mdima anamasula pulagi, naibweza m'chipewa chake, nagunditsa thupi lake ku chitsulo cha injini, kutali ndi petulo. Anasindikiza batani, koma kukamwa kwa pulagi sikunatuluke kanthu. Anayang'ana fyuzi, napeza kuti ndi yabwino. Tsono anatsata mawaya ndi chala, umodziumodzi, monga mlenje atsata mapazi a gwape, ndipo pansi pa chishalo anapeza chisa cha makoswe ndi waya woduka. Anaulumikiza, naukulunga bwino, napala malo onse olumikizira amene anachita ndere zobiriwira. Anagula pulagi yatsopano, naona kuti mpata wa kukamwa kwake uli pakati pa 0.6 ndi 0.7 mm. Atayesanso, kamoto kobiriwira ngati mphezi kanathetheka, kuti the, the, the.

M'mawa mwake mthuthuthu unalira. Nkhuku zinabalalika, ana anakuwa, ndipo mkazi wake anatuluka m'khitchini mthiko uli m'manja. Koma chimwemwecho chinali chachifupi, pakuti injiniyo inkalira pokhapokha choko ili yotseka, ndipo akaitsegula inkazima. Choko imaonjezera petulo polizira injini yozizira. Injini yofuna choko ngakhale itatentha ikunena kuti petulo akuichepera, kapena mpweya ukuichulukira. Majeti anali oyera, kotero mmisiri anafunafuna poloŵera mpweya wakuba. Anaupeza pa mphira wolumikiza kabuleta ndi injini, umene unali ndi mng'alu kunsi kwake, kosaoneka ndi maso. Ataika mphira wina, natsuka sefa ya mpweya, injini inayamba kulira mofatsa ndi mofanana.

Vuto lachitatu ndilo linamuzunza koposa. Njinga inkayenda bwino makilomita awiri kapena atatu, kenaka inkatsamwa nizima. Akakhala pansi kanthawi inkaliranso, niyenda mtunda womwewo, nizimanso. Sabata yathunthu mmisiri ankabwerera kumudzi akukankha, thukuta lili kamukamu. Alangizi anachuluka. Wina anati injini yatha, aitsegule yonse. Wina anati agule kabuleta yatsopano. Mkulu wina anamunong'oneza kuti mwini wake wakale anaitsirika, ndipo siidzayendera munthu wina. Mmisiriyo anawathokoza onse mwaulemu, koma sanatsate ndi mmodzi yemwe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lina njingayo itazima panjira, sanadikire monga kale. Pomwepo anayesa pulagi, napeza moto ulipo. Anamasula kasikuluwu kokhetsera petulo pansi pa kabuleta, ndipo munatuluka madontho ochepa chabe, chonsecho thanki inali yodzaza. Anatsegula chivundikiro cha thanki kuti asuzumiremo, ndipo anamva mpweya ukulowa kuti fyuu. Nthawi yomweyo petulo anayamba kutsika m'paipi. Pamenepo anazindikira. Chitini cha mkaka chimabooledwa pawiri, bowo lina lotulukira mkaka, lina lolowera mpweya. Chivundikiro cha thanki chilinso ndi kabowo kopumira, ndipo kake kanali katatsekeka ndi dzimbiri ndi fumbi. Petulo akatsika pang'ono, mpweya sunkalowa m'malo mwake, thankiyo nigwira petulo wotsalayo. Anatsuka kabowoko, ndipo nthenda imene anthu ankafuna kuitsegulira injini yonse inatha popanda kulipira ngakhale tambala.

Panali ntchito ziwiri zimene mmisiri anaona kuti si za manja ake. Pamwamba pa injini pankamveka kugogoda, ndipo iye analibe zoyezera. Popeza safunsa anadya phula, anapita kwa makaniko wachikulire wa pamsika. Mkuluyo anadikira kuti injini izizire ndithu, nayeza mpata wa mavalavu ndi timalata topyapyala ngati tsamba, naukonza monga mwa buku. Mpatawo ukakula injini imagogoda, ndipo ukachepa valavu satseka bwino, mphamvu yopanikiza nithawa. Kenaka anayeza batire ndi mita. Batire labwino likamapuma limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6, ndipo injini ikamalira mwamphamvu liyenera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5, kusonyeza kuti njinga ikubwezera moto. Zonse zinali bwino. Mkuluyo anamuphunzitsanso kuwerenga nkhope ya pulagi. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, injini ikudya bwino. Ikakhala ndi mwaye wakuda, petulo wachuluka kapena sefa ya mpweya yatsekeka. Ikayera mbuu, petulo wachepa ndipo injini ikutentha. Ikanyowa ndi oyilo, maringi a pisitoni akutha.

Potsazikana mkuluyo anagogoda tayala ndi sipanala, nati, "Mwana wanga, injini ikafa umangoyenda pansi, koma tayala kapena buleki ikafa umanyamulidwa. Usakweze munthu pa matayala awa." Anamuonetsa manambala anayi odindidwa m'mbali mwa tayala pambuyo pa malemba akuti DOT. Awiri oyamba amanena sabata, awiri otsiriza chaka chimene tayalalo linapangidwa, kotero 2314 ndiye kuti sabata la 23 la chaka cha 2014. Mphira umauma ndi zaka ngakhale mapanga ake akhale akuya, ndipo matayala a mmisiri anali okalamba ndi ang'alung'alu m'mbali. Tcheni nayo inali yotamuka, mano a magudumu ake atapindika ngati zikhadabo za kabawi. Zitatuzi zimasinthidwa pamodzi, pakuti tcheni yatsopano pa mano akutha siikhalitsa.

Koma ndalama zinali zitatha, ndipo tsiku la amayi ake lopita kuchipatala linafika. Tsopano mkazi wake yemwe ndiye anati, "Bambo, njinga ikulira, bwanji osangowatengera apongozi pomwepo? Ulendo umodzi wokha ungavute chiyani?"

Mwamunayo anati, "Iyayi mayi. Ndinaigula kuti amayi akhale ndi moyo. Sindingawakweze pa chinthu chimene sindingathe kuchiimitsa."

Kotero mwezi umenewo analipiranso kabaza, njinga yake ili chiimire pansi pa mango, ndipo anthu anaseka kachiwiri. Iye anabwerera ku matabwa ake, nakhoma zitseko usana ndi madzulo omwe. Mwezi wa Ogasiti anagula matayala ndi machubu. Mwezi wa Seputembala anagula tcheni ndi magudumu ake, nsapato za mabuleki ndi mawaya atsopano a buleki ndi kilachi. Anamanga tcheni mosiya mpata woti izisewera pang'ono, monga kukula kwa chala chachikulu, chifukwa tcheni yothina imawononga injini ndipo yolendewera imavuka. Anakonza nyali, hutala ndi magalasi. Kenaka anapita ku ofesi ya Road Traffic pamodzi ndi kalaliki uja kukasintha umwini, nalipira inshuwalansi, nayesedwa mayeso a laisensi. Anagulanso zipewa ziwiri zoteteza mutu, china chake, china cha wokwera naye.

Kumapeto kwa Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana pa phiri la Dedza, gogo uja anavekedwa chipewa nakwezedwa pachishalo. Anagwira mwana wake m'chiuno, nati, "Mwana wanga, uziyenda pang'onopang'ono. Kumanda sindikuthamangirako." Anafika kuchipatala dzuwa lisanatenthe, nabwerako nsima ya masana isanapse. Chaka chimenecho banjalo linathira feteleza theka la munda wokha, ndipo nkhokwe sinadzaze. Mtengo umenewo anaulipira ndithu. Koma kuyambira pamenepo gogoyo sanaphonyenso tsiku lake la mankhwala, ndipo mmisiri anayamba kulandira ntchito ku midzi yakutali kumene kale sankafikako ndi zipangizo zake.

Munthu wofuna kuchita monga anachitira mmisiriyu ayambe wawerenga ndalama zake, pakuti mtengo wogulira njinga yakufa ndi chiyambi chabe, ndipo batire, matayala, tcheni ndi mapepala a boma zimadikira kutsogolo. Asalizire injini m'nyumba yotseka, chifukwa mu utsi wake muli mpweya wakupha umene sununkha. Asinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, nayese, kuti adziwe chimene chachiritsa nthendayo. Ayambe ndi zotsika mtengo ndi zapafupi, monga fyuzi, waya, paipi ndi kabowo ka chivundikiro, asanaganize zotsegula injini. Ndipo njinga ikadzuka, aziyang'ana oyilo, mpweya wa matayala ndi mabuleki m'mawa uliwonse asananyamuke, azidzoza tcheni makamaka m'nyengo ya fumbi ndi ya matope, ndipo akafuna kuisiya miyezi yambiri akhetse petulo wa m'kabuleta ndi kuchotsa batire. Tsiku losintha oyilo alilembe m'kope pamodzi ndi makilomita amene njinga yayenda, kuti iye mwini, kapena mwana wake amene adzailandira, asadzayambenso ntchito yonseyi pachiyambi.